Chipangizo chikasiya kugwira ntchito, tisathamangire kunena kuti "chapsa"

Pali mawu amodzi amene ndikufuna achoke pakamwa pa wophunzira aliyense wa Fizikisi. Mawu ake ndi akuti "chapsa". Wailesi ikangoti zii, timati yapsa. Tochi ikakana kuyaka, yapsa. Foni ikasiya kutchaja, yapsa basi, tikagule ina ku Limbe. Munthu amene wanena mawuwa nthawi zambiri amakhala kuti sanatsegule, sanayeze kalikonse, ndipo sakudziwa ngati vuto lili pa kawaya kamodzi kapena m'chipangizo chonse. Wangotseka nkhani isanayambe.

Maganizo anga ndi awa. Sukulu iliyonse imene ili ndi makompyuta akale ongounjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu iwatulutse, ichotsemo ma drive a floppy, n'kuwapereka m'manja mwa ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 kuti afufuze chimene chinawalemaza. Ndikudziwa kuti ena aseka. Ati aphunzitsi a ku Namitambo atani kodi, dziko lili pa mafoni a intaneti iwo akutibwezera ku zinthu za makedzana? Ndiyankha zimenezo kutsogoloku. Poyamba tiyeni tidziwe chinthu chimene tikukambachi, chifukwa ambiri a inu munabadwa chitatha kale ntchito.

Floppy n'chiyani kodi?

Mukamalemba pa Microsoft Word, pali kachizindikiro kamakona anayi kamene mumadina kuti ntchito yanu isungike. Kachithunzi kameneko ndi floppy. Kampani ya IBM ndi imene inatulutsa floppy yoyamba mu 1971, ndipo inali yaikulu mainchi 8. Mu 1976 kampani ya Shugart Associates inabweretsa ya mainchi 5.25. Kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Sony inatulutsa ya mainchi 3.5, yokhala m'chikhokho cha pulasitiki yolimba ndi kachitseko kachitsulo kotsetsereka. Imeneyi ndi imene mungaipeze m'makompyuta akale a kusukulu kwanu. Sony inasiya kupanga madiski amenewa mu 2011.

M'kati mwa chikhokhomo muli kapulasitiki kopyapyala kozungulira, kopakidwa tinthu tomva maginito. Drive ndi makina amene amazunguza diskiyo, n'kumalembapo ndi kuwerengapo pogwiritsa ntchito kamutu kokhala ndi koyilo ya waya. Polemba, current yodutsa m'koyilo imapanga maginito amene amatembenuza tinthu tija. Powerenga, tinthu tija tikamadutsa pansi pa kamutu timayambitsa voltage yaing'ono m'koyilomo. Amene mwaphunzira za Michael Faraday ndi zimene anapeza mu 1831 mwazindikira kale kuti iyi ndi electromagnetic induction ija ya m'kope mwanu.

Diskiyo ili ndi mbali ziwiri. Mbali iliyonse ili ndi mizere yozungulira 80, yowerengedwa kuyambira 0 kunja mpaka 79 m'kati. Mzere uliwonse wagawidwa m'zigawo 18, ndipo chigawo chilichonse chimasunga ma byte 512. Tengani cholembera muchulukitse: 2 × 80 × 18 × 512 = 1,474,560. Ndiye 1.44 MB imene imalembedwa pa diski ija. Nyimbo imodzi ya m'foni mwanu ingafune madiski awiri kapena atatu, mwinanso kuposa.

Makina osaona amafunika omuuza

Nayi mfundo yaikulu ya nkhani yonseyi. Kompyuta ilibe maso. Siona ngati diski yalowa, siona pamene kamutu kali, siona ngati diski ikuzungulira. Zonsezi imachita kuuzidwa ndi tizipangizo tating'ono totchedwa masensa. Sensa ndi chinthu chimene chimasandutsa chochitika china, monga kuwala, kukanikiza kapena maginito, kukhala chizindikiro cha magetsi. Ndipo kompyuta imakhulupirira sensa popanda kufunsa. Sensa ikanama, kompyuta imachita zopusa ili ndi chikhulupiriro chonse kuti ikuchita bwino.

Sensa yoyamba ndi ya mzere 0. Kamutu kamayendetsedwa ndi mota yotchedwa stepper, imene imayenda modumpha timasitepe tofanana. Kompyuta ikafuna mzere 25, imangouza mota kuti ipite masitepe 25 kuchokera pa 0. Zili ngati munthu amene watumidwa usiku wamdima kuti akatenge khasu limene linasiyidwa pa mzere wa 25 m'munda. Iye ayenera kupeza kaye malire a munda, kenako n'kumawerenga mizere ndi mapazi. Akaphonya malire, kuwerenga kwake konse kwapita m'madzi ngakhale atakhala katswiri wa masamu. Sensa ya mzere 0 ndiyo malirewo. Pa ma drive ambiri ndi kapulasitiki kakuda kokhala ndi mpata pakati, kooneka ngati chilembo cha U. Mbali imodzi kuli LED yotulutsa kuwala kwa infrared, mbali inayo kuli phototransistor yolandira kuwalako. Pa chonyamulira kamutu pali kalilime ka pulasitiki. Kamutu kakabwerera mpaka kunja, kalilimeko kamalowa mumpata muja n'kutchinga kuwala, ndipo drive imauza kompyuta kuti tafika pa 0.

Sensa yachiwiri ndi ya index, imene imanena kuti diski yamaliza kuzungulira kamodzi. Madiski a mainchi 5.25 anali ndi kabowo kamene kuwala kankadutsapo kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Pa drive ya mainchi 3.5 kabowo kameneko kulibe. M'malo mwake pali kamaginito komatidwa m'mphepete mwa gudumu la mota yozunguza diski, ndipo kakamadutsa pafupi ndi sensa ya maginito, sensayo imatulutsa kachizindikiro. Ma drive ambiri amagwiritsa ntchito sensa ya Hall, yotchedwa dzina la Edwin Hall amene anapeza mu 1879 kuti maginito amakankhira current kumbali imodzi ya kondakitala, n'kuyambitsa voltage yopingasa. Diski imazungulira ka 300 pa mphindi. Gawani ndi 60, mupeza ka 5 pa sekondi. Ndiye frequency ndi 5 Hz, ndipo period ndi 1 kugawa ndi 5, kutanthauza masekondi 0.2. Funso lotere mukhoza kukumana nalo pa mayeso litangovala malaya ena.

Kenako pali timaswichi tating'ono kutsogolo kwa drive, tokhala ndi timitu tosongoka ngati timisomali. Kamodzi kamamva ngati diski yalowa. Kena kamayang'ana kawindo kapakona ya diski kamene kamatsekeka ndi kutseguka: kawindo kakatsekedwa, diski imakanikiza kaswichi ndipo kulemba n'kololedwa, koma kakatseguka, kaswichi kamalowa m'bowo osakanikizika ndipo drive imakana kulemba. Kachitatu kamayang'ana bowo la pakona inayo, limene limasiyanitsa diski ya 1.44 MB ndi yakale ya 720 KB.

Taonani tsono. M'kabokosi kamodzi kokwana m'manja muli kuwala, maginito, ma semiconductor, mota zamitundu iwiri, ndi maswichi. Ndiuzeni chipangizo china cha mulabotale yanu chimene chili ndi zonsezi pamodzi, chimenenso aphunzitsi angakuloleni kuchimasula.

Kufufuza vuto: kaye ndi maso ndi makutu

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofufuza vuto, screwdriver imabwera pambuyo. Choyamba mvetserani. Mukayatsa kompyuta yakale, drive yabwino imalira pang'ono, kamutu kakupita ndi kubwerera, kenako n'kukhala chete. Drive imene ikuchita phokoso la "trrrr" ngati chinthu chikugunda khoma ikukuuzani kuti kamutu kafika kumapeto koma mota ikukankhabe, chifukwa palibe amene wanena kuti tafika.

Chachiwiri, musanaimbe mlandu sensa, onani zinthu zosavuta. Kodi magetsi akufika? Kodi diskiyo ndi yabwino, kapena inachita nkhungu ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja? Kodi chingwe chotambalala cha mawaya 34 chija chalowa bwino? Chingwechi chili ndi mzere wofiira mbali imodzi, wosonyeza pini 1. Mukachilowetsa chozondoka, kagetsi ka kutsogolo kwa drive kamangoyaka osazima, ndipo drive sigwira ntchito. Ma drive ambiri abwinobwino anatayidwa chifukwa cha chingwe chozondoka basi. Njira yotsimikizira ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi: diski ina mu drive yomweyo, kenako chingwe china, kenako drive yomweyo pa kompyuta ina. Mukasintha zonse nthawi imodzi n'kuyamba kugwira ntchito, mwakonza koma simunaphunzire kanthu, chifukwa simukudziwa chimene chinalakwika. Paja mu practical timati variable imodzi yokha ndiyo isinthe, zina zikhale chimodzimodzi. Ndi zomwezi.

Chachitatu, ganizani musanayeze. Tiyeni titenge sensa ya mzere 0. Ikhoza kunama m'njira ziwiri zosiyana. Ngati mumpata muja mwadzaza fumbi kapena kangaude wamangamo, kuwala sikufika pa phototransistor. Drive iganiza kuti kalilime katchinga, ndiye inena kuti tili pa 0 ngakhale kamutu kali pakati pa diski. Kamutu sikabwerera mpaka kumalire, kuwerenga mizere kuyambira polakwika, ndipo kompyuta idandaula kuti sikupeza zimene ikufuna. LED ikafa, zotsatira zake n'zomwezo, chifukwa mdima ndi mdima, kaya wabwera ndi fumbi kaya ndi LED yakufa. Koma ngati kalilime kanathyoka, kapena phototransistor inachita short moti ikudutsitsa current nthawi zonse, drive siidzaona mdima mpang'ono pomwe. Idzangokankha kamutu kukhoma, "trrrr" uja. Ndiye phokoso lokha lakuuzani kale mbali imene muyambire. Mwapanga hypothesis musanagwire chida chilichonse.

Chachinayi, yezani. Kuwala kwa infrared maso athu sakuona. Maso amaona kuyambira pafupifupi 400 mpaka 700 nm, pamene ma LED amenewa amatulutsa kuwala kwa cha m'ma 900 nm. William Herschel ndi amene anazindikira mu 1800 kuti kupitirira mtundu wofiira kuli kuwala kwina kosaoneka, atayika thermometer pamalo pamene maso sankaona chilichonse n'kupeza kuti yakwera. Inu muli ndi chida chimene Herschel analibe: kamera ya foni. Makamera a mafoni ambiri amaona infrared ngati kakuwala kofiirira. Yesani kaye ndi rimoti ya TV. Lozetsani rimoti ku kamera, dinani batani. Mukaona kuphethira, kamerayo ndi yothandiza. Mukapanda kuona, yesani kamera ya kutsogolo kapena foni ina, chifukwa mafoni ena ali ndi kagalasi kotchinga infrared. Kenako zimitsani magetsi a m'chipinda, yatsani drive, suzumirani ndi kamera mumpata wa sensa. Mpatawo ndi wopapatiza ndipo kuwalako n'kochepa, choncho kusaona kanthu si umboni wokwanira kuti LED yafa. Kuona kuwala ndiye umboni wakuti ili moyo.

Umboni wolimba umachokera ku multimeter. Drive ili yoyaka, yezani voltage pakati pa miyendo iwiri ya LED. Ya infrared yamoyo imasonyeza pafupifupi 1.2 V. Mukapeza pafupifupi 5 V yonse, ndiye kuti LED yaduka m'kati, current sikudutsa. Mukapeza 0 V, mwina magetsi sakufika, tsatirani njira yake mubwerere m'mbuyo mpaka pa resistor. Apa lamulo la Ohm limagwira ntchito yooneka ndi maso. Tiyerekeze kuti resistor yake ndi ya 220 ohms. Voltage yotsala pa resistor ndi 5 − 1.2 = 3.8 V. Gawani ndi 220, mupeza 0.017 A, kapena kuti 17 mA. Kenako pitani ku mbali ya phototransistor. Ikani multimeter pa miyendo yake, tengani kapepala kolimba kakuda, muzilowetsa ndi kutulutsa mumpata. Voltage iyenera kudumpha pakati pa nambala yotsika ndi yokwera. Ikadumpha, sensa ndi yabwino, vuto lili kwina. Ikangokhala phee pamene LED ikuwala ndipo mpata ndi woyera, phototransistor ndiye wolakwa.

Mungathenso kumva zimene drive ikuuza kompyuta popanda kompyutayo. Ma drive ambiri a mainchi 3.5 amangofuna 5 V, imene tchaja ya foni kapena power bank imapereka, bola muonetsetse kuti waya wofiira ndi wakuda apita pa mapini oyenera. Pa mapini 34 aja, a manambala osagawika ndi 2 ndi ground. Pa drive ya kompyuta wamba, mukalumikiza pini 12 ku ground mwaisankha drive ndipo kagetsi kake kayaka. Mukalumikizanso pini 16 ku ground, diski ili m'kati, mota iyamba kuzungulira. Mayankho a masensa amatulukira pa pini 8 ya index, pini 26 ya mzere 0, pini 28 ya kuletsa kulemba, ndi pini 34 yonena kuti diski yasinthidwa. Mapini amenewa amati "inde" pogwera ku 0 V. Ndiye tengani LED wamba ndi resistor ya 1,000 ohms, mbali imodzi ku 5 V, inayo ku pini imene mukufuna kumva. Pa pini 28, LED iyake mukalowetsa diski ya kawindo kotsegula, izime mukalowetsa ya kawindo kotseka. Pa pini 8 muona kuphethira kwachangu, kasanu pa sekondi, makamaka pamalo pamdima. Imeneyo ndi 5 Hz ija mwawerengera pamwambapa, tsopano mukuiona ndi maso anu.

Mankhwala ake nthawi zambiri ndi ochititsa manyazi kuphweka kwake. Kaburashi kofewa kochotsera fumbi. Kathonje konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol kopukutira mumpata wa sensa. Dontho limodzi la alcohol yomweyo pa kaswichi kouma, n'kukakanikiza kambirimbiri mpaka kayambenso kudumpha. Ndi ophunzira anga a Fomu 4 tinatsegulapo drive ina imene inkakana kulemba pa diski iliyonse. Gulu lina linati mota, lina linati kamutu. Mtsikana wina anapempha kuti tiyambe tamva pini 28, ndipo LED inangoyaka osazima, kaya kawindo katseguka kaya katsekeka. Atayang'anitsitsa anapeza kuti kaswichi kadzaza fumbi lofiira louma ngati dothi la pachulu. Mphindi khumi zokha, drive inalemba.

Chenjezo limodzi: musamasule timascrew togwira sensa ya mzere 0 kapena mota ya stepper. Mizere ya pa diski ndi yothithikana, 135 pa inchi imodzi. Inchi ndi mamilimita 25.4, ndiye kuchoka pa mzere wina kufika pa unzake ndi pafupifupi mamilimita 0.19, ngati tsitsi ziwiri kapena zitatu zogundizana. Sensa ikasuntha pang'ono chabe, malire a munda asuntha. Drive yotero imatha kuwerenga madiski amene yalemba yokha koma n'kukana a ma drive ena onse.

Zimene otsutsa anganene

Wina ati, "Aphunzitsi, zimenezi sizibwera pa MSCE." Zoona, a MANEB sadzakufunsani pini 26. Koma adzakufunsani za diode, za transistor ngati swichi, za lamulo la Ohm, za frequency ndi period, za electromagnetic spectrum, za induction. Wophunzira amene waona voltage ikudumpha atalowetsa kapepala mumpata safunikanso kuloweza tanthauzo la transistor ngati ndakatulo. Akudziwa zimene imachita chifukwa anaigwira. Kuloweza kumathawa m'chipinda cha mayeso mtima ukayamba kugunda. Zimene manja anachita zimakhala.

Wina ati floppy inatha, tiphunzire zamakono. Kutha inatha, koma mochedwa kuposa mmene mukuganizira. Asilikali a dziko la America anagwiritsa ntchito ma floppy a mainchi 8 pa makina otumizira mauthenga okhudza zida za nyukiliya mpaka 2019. Boma la Japan linamaliza kuchotsa malamulo ofuna kuti anthu azipereka zikalata pa floppy mu 2024. Ndege zina za Boeing 747-400 zakhala zikulandira mapu a njira zake kudzera pa floppy. Ma keyboard ena akale a Yamaha, onga amene amaimbidwa m'matchalitchi, ali ndi drive yomweyi. Komabe mfundo yanga sikuti mudzapeze ntchito yokonza ma floppy. Masensa a m'kati mwake ndi amene sanathe. Kasensa kooneka ngati U kaja kali mu printer ndi m'makina a fotokope pa trading centre, ndipo ndi kamene kamachititsa makina kunena kuti pepala latsamwa pamene mulibe pepala. Sensa ya Hall ili mu injini za galimoto zambiri, kumene imauza kompyuta ya injini nthawi yoyatsira moto, ilinso m'mafani a makompyuta. Infrared ndi imene imazimitsa sikirini ya mafoni ambiri mukaika foni kukhutu. Kachipangizo kamene anamwino amapana pa chala poyeza mpweya wa m'magazi kali ndi LED yofiira, ya infrared, ndi cholandira kuwala mbali inayo. Kusiyana kwake n'kwakuti mu foni zonsezi n'zazing'ono ngati njere za mchenga ndipo n'zomatidwa, pamene mu drive ya floppy n'zazikulu, zooneka, ndipo miyendo yake multimeter imafikapo. Ndiponso foni ya amayi anu mukaiwononga kunyumba kuvuta. Drive yotayidwa mukaiwononga palibe amene alire.

Wina ati n'zoopsa, ana agwidwa ndi magetsi. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo ndikuilemekeza. M'kompyuta yakale muli zinthu ziwiri zimene wophunzira asatsegule ngakhale pang'ono: bokosi la power supply, ndi monitor yachikale yamimba ija. Zonsezi zili ndi ma capacitor amene amasunga magetsi okhoza kupha munthu ngakhale mutazula pulagi. Koma drive ya floppy ikachotsedwa n'kupatsidwa 5 V ya power bank ilibe choopsa chotero. Aphunzitsi ndi amene achotse drive m'kompyuta, pulagi ili yozula, ophunzira alandire drive yokha. Choopsa chenicheni chimabwera zinthuzi zikatayidwa kudzala n'kutenthedwa, chifukwa utsi wa pulasitiki ndi mtovu wa m'ma circuit akale ndi poizoni kwa amene akuupuma.

Ndipo wina, mwina mphunzitsi mnzanga, ati katundu ameneyu ndi wa sukulu, analembedwa m'kaundula, sitingangomumasula. N'zoona, ndipo njira yake ilipo: kupempha chilolezo kwa ahedi, kulemba zimene zachotsedwa, kusunga zonse pamalo amodzi. Chimene sindikuvomereza n'chakuti katundu awole ndi fumbi ndi makoswe kwa zaka khumi chifukwa choopa pepala limodzi, ana akuphunzira electronics pa bolodi ndi choko.

Sensa ikanama

Mwina mukuganiza kuti zonsezi ndi masewera a timakina takale. Tamvani izi. Pini 34 ija, yonena kuti diski yasinthidwa, ikasiya kugwira ntchito, makompyuta akale ankapitiriza kuganiza kuti diski yoyamba ikadali m'kati. Munthu ankatulutsa diski, kulowetsa ina, koma pa sikirini n'kumaonekabe mayina a mafayilo a diski yoyamba ija. Akalemba kanthu, kompyuta inkalemba motsata mapu a diski yolakwika n'kuwononga zimene zinali pa yachiwiri. Makina onse abwinobwino, chizindikiro chimodzi chokha ndiye chonama, ntchito ya miyezi n'kutayika.

Tsono kulitsani nkhani yomweyo. Mu Okutobala 2018 ndege ya Lion Air inagwa m'nyanja ku Indonesia, anthu 189 anafa. Mu Malichi 2019 ndege ya Ethiopian Airlines inagwa itangonyamuka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, anthu 157 anafa. Zonse ziwiri zinali Boeing 737 MAX. Ofufuza anapeza kuti pa ngozi zonsezi sensa yoyeza mmene mphuno ya ndege yapendekera ku mphepo inapereka nambala yabodza. Pulogalamu ina ya m'ndegemo, imene inkadalira sensa imodzi yokha pa nthawi, inakhulupirira nambalayo n'kumakankhira mphuno pansi mobwerezabwereza, oyendetsa akulimbana nayo. Panali zifukwa zinanso, monga kapangidwe ka pulogalamuyo ndi zimene oyendetsa anauzidwa kapena sanauzidwe, koma poyambira pake panali funso lomwe lija la drive yathu: kodi makinawa akudziwa bwanji zimene akuganiza kuti akudziwa, ndipo chichitike n'chiyani wowauzayo akanama?

Ena a inu mudzapita ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ku Blantyre kukaphunzira uinjiniya. Ena mudzaphunzira ntchito zamanja ku Mikolongwe konkuno. Ena mudzakhala anamwino, ena mudzatsegula kashopu kokonza mafoni pa Namitambo pomwe pano. Kulikonse kumeneko mudzakumana ndi makina amene akunena zinthu zosemphana ndi zimene maso anu akuona. Wokonza amene amangosintha zipangizo mwachisawawa mpaka china chigwire amadyera kasitomala ndalama, ndipo makina odula a chipatala kapena a mjigo wa sola amatha kukhala chigonere chifukwa cha kachinthu kotchipa kamene palibe anakayeza. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anamanga makina opangira magetsi ndi mphepo ali mnyamata, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga. Zotayidwazo anthu ena onse ankaziona tsiku ndi tsiku. Iye anazifunsa mafunso.

Ndiye sabata ino chitani izi. Pezani anzanu atatu kapena anayi. Pitani kwa aphunzitsi a Fizikisi kapena a Computer Studies, mufunse mwaulemu ngati sukulu ili ndi makompyuta akale osagwira ntchito, ndiponso ngati angakuchotsereni drive imodzi. Ngati kusukulu kulibe, okonza makompyuta m'tauni nthawi zambiri amakhala nazo zongotaya. Tengani kope, mujambule zimene mwaona m'kati, mupeze masensa onse amene ndatchula, ndipo musanayeze chilichonse lembani kaye zimene mukuyembekeza kupeza. Kenako yezani, mulembe nambala zake, muyerekeze. Drive ikadzuka, mwapambana. Ikapanda kudzuka koma inu n'kutha kuloza ndi chala kuti vuto lili apa, ndipo umboni wake ndi uwu, mwapambanabe. Pamenepo ndiye mungathe kunena kuti chapsa, ndipo ine ndidzakufunsani funso limodzi lokha: mwapeza ma volts angati?